Kamsomali Kachitatu ka Tehmina

Multan, 14 Julaye

Achemwali anga Shagufta,

Ndikhulupirira muli bwino ku Manchester pamodzi ndi alamu anga. Kuno kukutentha, koma Mulungu akutisunga.

Munafunsa za mano a mwana wanga Tehmina. Paja amayi a mnyamata womufunsira uja anati ukwati uyambe wadikira mpaka mano akutsogolowo abwerere m'kati. Dokotala anaboola nsagwada n'kuikamo timisomali tiwiri toti tizikoka waya. Timisomali tonse tiwiri tinazuka. Atamujambula anati, "Mayi, fupa la mwana wanuyu ndi lofewa ngati buledi woviika mu tiyi. Msomali ugwira pati?" Ndinamuchonderera mpaka anaika kachitatu.

Lachisanu lapitali amayi aja anabwera kudzamuona. Tehmina anawapatsa tiyi mwaulemu. Iwo amvekere, "Idya nafe samusa, mwanawe, tikuone." Tehmina atangoluma, kamsomali kaja kanagwera m'mbale. Anakatola okha ndi zala n'kukayang'anitsitsa. "Fupa lokanika kugwira kachitsulo aka, lidzanyamula mwana?" Bambo a Tehmina, monga mwa masiku onse, maso pansi.

Dokotala akuti palibenso pena poti aboole. Tehmina sadandaula, koma masiku ano amadyera kuchipinda, ndipo poyankhula amatseka pakamwa ndi mpango, ngakhale pamaso pa ine mayi wake.

Mango achuluka chaka chino. Bokosi lathu tinawatumizira akwawo kwa mnyamata uja monga mwa mwambo. Lawo silinabwere.

Nsalu yofiira ya ukwati munagula ija musatumize msanga. Muisunge poti njenjete zisafike.

Ndine mng'ono wanu,
Rubina