Ababa Alephera Kuwolotsa Mbuzi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Phalula tilipo, Ambuye akutisunga, koma za ababa zandichititsa mantha.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, anasonkhanitsa adzukulu pakhonde n'kuwafunsa ndagi yawo ija ya munthu wowolotsa fisi, mbuzi ndi chimanga pa bwato lonyamula chimodzichimodzi. Ana atalephera anati, "Agogo, tiuzeni!" Ababa anatola timiyala titatu, n'kuyamba kuwolotsa fisi, mbuzi n'kuisiya ndi chimanga. Anabwereza, chimodzimodzinso. Kenaka anandiyang'ana ine n'kufunsa kuti, "Mayi, inu ndinu a kwa yani?"

Achimwene, ndinanama, Mulungu andikhululukire. Ndinauza ana kuti agogo akuchita dala. Mukudziwa kuti kuno nkhalamba ikayamba kusokonezeka, mawu a ufiti sachedwa kutuluka, ndiye sindinauze aliyense.

Ndikatchula zachipatala ku Balaka amangoti, "Iyayi, sindikudwala." Inu amakumverani. Chonde aimbireni foni sabata yomwe ino, akadali ozindikira mawu anu.

Ambuye akusungeni kutaliko, ndipo mutikumbukire m'mapemphero.

Ine mlongo wanu,
Agnesi