Geti lomwe ndimatsikirapo si la kwathu

Aphungu,

Kalatayi ndailemba ndi kuing'amba kangapo, koma lero ndati ipite basi, chifukwa ngakhale pemphero silikutuluka bwino pakamwa panga.

Ndine mtsikana wopemphera, ndinamaliza sekondale, ndipo ndimagwira ntchito m'shopu yogulitsa magalasi a maso, m'katauni ka anthu olemera kunja kwa mzinda waukulu. Aphungu, kunoko ndi kwina. Misewu imasesedwa ndi galimoto. Madzi amathirira okha kapinga popanda munthu wogwira paipi. Mageti amatseguka okha ngati akumudziwa mwini wake. Agalu amapita kokameta, ndipo pobwerera amakhala mpando wakutsogolo. Tsiku langa loyamba ndinaima pamphambano n'kumadzifunsa kuti ngati pansi pano pali chonchi, nanga kumwambako kuli bwanji?

Koma kukongolaku kumadya munthu. Buledi yemweyo, sopo yemweyo, akangowoloka msewu waukulu kulowa kuno, mtengo wake umavala jekete. Malipiro anga onse sangakwane lendi ngakhale ya kanyumba ka mlonda. Choncho ine ndi mng'ono wanga, yemwe ndikumulipirira sukulu ya zosokasoka, timakhala kutsidya kwa msewu waukuluwo, kuseri kwa galaja yokonzera magalimoto, m'chipinda chimodzi chomwe tinachigawa ndi katani. Kuti chitseko chitseguke uyambe wasuntha ndowa, ndipo zovala zathu zimamveka kafungo ka oyilo ngakhale uzichape bwanji.

Ndimapemphera m'katauni momwemo, poti abwana anga ndi amene ananditengera kutchalitchi kwawo, ndipo ndinalowa kwaya. Tikamaliza kuphunzira nyimbo Loweruka masana, amayi otitsogolera, omwe tonse timangowatchula kuti Amayi a Kwaya, amanyamula ena pagalimoto yawo. Ulendo woyamba anandifunsa kuti, "Mwanawe, tikutsitse pati?" Mipando yachikopa ija, kuzizira kwa m'galimoto muja, za galaja zinandikanika kutchula. Ndinangoloza geti lobiriwira lomwe tinkalidutsa, la maluwa ofiira olendewera pampanda. "Pomwepa, amayi." Anzanga anafuula, "Eee, ndiwe wa pano? Koma kudzichepetsa kwakeko!" Sindinavomere, sindinakane. Chiyambire tsikulo ndimatsikira pomwepo, n'kumanamizira kufufuza makiyi m'chikwama mpaka galimoto itakhota, kenako ndimauyatsa wapansi wa kwathu.

Mwezi watha, ndili mkati mopapasa m'chikwama, geti linatseguka. Panaima mayi wachikulire wowonda, magalasi awo atamangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anati, "Iwe, makiyi akowo sanapezekebe? Wakhala ukubwereka geti langa nthawi yonseyi, lendi yake ili kuti?" Ndinayamba kupepesa misozi ili mbwembwembwe. Iwo anati, "Usandilirire pakhomo, anthu angaganize kuti ndamwalira. Lowa."

Aphungu, nyumba yotere sindinaionepo. Denga lili kutali ngati la tchalitchi, masitepe okhotakhota, mawindo oyambira pansi mpaka pamwamba, dzuwa likungothira m'nyumba monse. Ndinavula nsapato osauzidwa. Koma nditati zikomo, mawu anga anabwerera, chifukwa m'nyumbamo mulibe kanthu. Pakhoma pangotsala mabala a pomwe panali zithunzi. Mayiwo amagona ndi kudyera m'kachipinda kamodzi pafupi ndi khitchini, kofanana ndi kathu komwe. Chifuriji chachitali kuposa ine anachizimitsa kalekale, amasungamo mabulangete. Anandipangira tiyi wopanda mkaka m'kapu ya mkombero wagolide, ndipo ndinaigwira ndi manja awiri.

Amuna awo anamwalira, ana awo ali kutali ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo. Penshoni yonse imathera msonkho wa nyumba, alonda a m'deralo ndi madzi othirira panja. Anandiuza akuseka kuti, "Kuno kapinga akauma amakudzudzula, koma ukauma iweyo palibe amene amadziwa." Mpaka lero ndikamadutsa mipanda ya kunoko ndimayenda pang'onopang'ono ngati ndili kumanda kapena kuguwa, sindikudziwa.

Vuto langa nali. Kwaya yathu imasinthana makomo pa mapemphero a mwezi ndi mwezi, ndipo ulendo uno agwera ine. Amayi a Kwaya alengeza kale kuti, "Tikaoneko kuseri kwa geti lobiriwira lija!" Nditakawauza mayi a nyumba aja, m'malo mokwiya anawomba m'manja. Anati, "Abweretse! Uzikati ndine azakhali ako. Mipando uwauze kuti yapita kokakonzetsa. Nyumba ino inaiwala phokoso la anthu." Panopa ayamba kale kupukuta mawindo, okha, atakwera pampando.

Mng'ono wanga akungondiseka. Akuti, "Achemwali, mwapatsidwa nyumba ndi azakhali omwe, mukudikiranso mngelo atsike ndi makiyi?" Koma ine ndikaganiza zotsegula Baibulo m'nyumba yabodza, pambali panga pali azakhali abodza, ndimaona kuti sindingathe. Ndikaulula, ndikuopa kuti akwaya sadzandikhulupiriranso, abwana amva, komanso ndiyalutsa umphawi wa mayi amene anandilandira. Ndikangothawa, ndiwalanda alendo amene akuwapukutira mawindo.

Kodi ndi Mulungu amene watsegula geti limeneli, kapena ndi mayesero? Ndithandizeni.

Ndine T. N., kutsidya kwa msewu waukulu.

Mwana wanga T. N.,

Khazika mtima pansi. Sunaphe munthu. Unachita manyazi, manyaziwo anabala kabodza, ndipo kabodzako kakula: lero kakufuna azakhali ndi mipando yopita kokakonzetsa, mawa kadzafuna amalume ndi dziwe losambiramo. Bodza limadya kuposa lendi ya kumeneko, ndipo ndi malipiro akowo sungalidyetse.

Wafunsa amene anatsegula geti. Anatsegula ndi mayi wosungulumwa amene wakhala akukuyang'ana pawindo Loweruka lililonse. Ngati dzanja la Mulungu lilipo, lili pamenepo, osati pa sewero lomwe mukukonza awirinu.

Yambira kwa iwowo. Uwauze mwaulemu kuti sungawatchule azakhali pamaso pa Baibulo, koma ukufuna kwaya ibwere ngati alendo awo, m'nyumba yawo, m'dzina lawo. Mvetsera bwino zomwe anapempha: akufuna phokoso la anthu. Bodzalo anangoliponyapo kuti akutchinjirize iweyo. Za mipando zisakuvute. Aliyense anyamule wake kutchalitchi, ndipo oimba akakangomva momwe mawu amakwerera m'chipinda cha denga lalitali, palibe amene akafunse za sofa.

Ukatero pita kwa Amayi a Kwaya, pawekha, tsikulo lisanafike. Osati pafoni, osatinso m'galimoto anzako ali tcheru. Mawu akhale ochepa: geti lija si la kwathu, ndimakhala kuseri kwa galaja, ndinachita manyazi, ndikhululukireni. Usadabwe akakumwetulira. Galimoto ili ndi galasi loonera kumbuyo, ndipo mtsikana amene makiyi amamusowa sabata iliyonse amaoneka. Abwana akonso amve kwa iwe, asamve kwa ena. Anakulemba ntchito chifukwa cha manja ako, ndipo amene amakulipira ndi iwowo. Akudziwa bwino kuti ndalama imeneyo singakugoneke m'katauniko.

Koma ulule zako zokha. Furiji yozimitsa, makoma opanda zithunzi, penshoni yosakwana, zimenezo si umboni wako woti ukaimirire nawo kutsogolo. Ndi zawo, akafuna adzanena okha. Ndipo akakana kulandira kwaya m'dzina lawo, usawakakamize. Itanira anthu kwanu, muyale mipando panja pa galaja. Mulungu sanyansidwa ndi fungo la oyilo.

Ndikudziwa kuti mng'ono wako wawerenga kale zipinda zopanda anthu zija. Mwina tsiku lina zidzatheka kuti muzikhala nawo n'kumalipira kangachepe, onse n'kupepukidwa. Koma usaiyambitse nkhaniyo panopa, ingaoneke ngati unkafuna chipinda kuyambira pachiyambi. Ikadzabwera, ana awo adziwe, mugwirizane polemba, ndipo zogula uzikagulabe kutsidya. Pakadali pano pali chimene ungachite mawa lomwe: magalasi omanga ndi ulusi aja, iwe umagwira ntchito kuti?

Chenjezo langa ndi ili. Kwaya idzaimba, idzanyamula mipando yake n'kumapita, ndipo nyumba ija idzakhala zii kuposa kale. Iwe udzakhala utapepukidwa, Amayi a Kwaya azidzakusiya pakhomo pako penipeni, ndipo sipadzakhalanso chokuimitsa pa geti lija. Mayi uja ndiye adzatsale pawindo. Ngati ukudziwa kuti Loweruka lotsatira sudzapita kukagogoda, wekha, popanda kwaya, ndi bwino uwauze lero asiye kupukuta mawindo.

Aphungu