Makina Otsuka Mawu

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko? Bondo lija layamba kukulolani kuyenda? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima ndiwo suli m'malo. Mundikhululukire pomwe ndalakwitsa polemba.

Paja ndinakuuzani kuti ndapatsidwa mbali m'sewero la nyimbo, kuholo komwe ndimasita zovala za ochita sewero. Mkulu wa sewero, amene timamutchula kuti Bwana Kachiwiri chifukwa chilichonse amati tibwereze, anandimva ndikuimba posita. Ndinamuuza kuti kuimba sindinaphunzirepo. Anaseka, amvekere ndi zomwe akufunazo, mawu osapita kusukulu.

Woyendetsa zokuzira mawu ndi asuweni, mwana wa azakhali, omwe aja anandipezera ntchito kuno. Sewero likamayamba, iwo ndiwo amandimata kamaiki patsaya ndi tepi, n'kunditsina khutu, amvekere kaimbe mwana wa amalume, ukawagwetse.

Tsiku loyamba ndinadabwa kumva mawu otuluka m'masipika ali osalala ngati si anga. Nditafunsa, asuweni anati makina awo amatsuka mawu monga sopo achitira ndi nsalu. Ndinakhulupirira, Amayi. Ine za makina ndikanazidziwira kuti? Mpaka ndinkapita kukawathokoza kuti andichapira bwino.

Loweruka lapitali mayi wotidzola kumaso anandithira paudala wambiri. Ndili pakati pa nyimbo yachisoni, ndinayetsemula. Ndinagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Koma nyimbo sinaime. Inapitirira yokha n'kukwera mpaka pamwamba, ine nditatseka pakamwa. Holo yonse inafa ndi kuseka. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti chemwaliyu ndi katswiri, amaimbira m'makutu.

Apo ndi pamene ndinadziwa. Maiki yanga sinayatsidwepo chiyambire. Mawu aja ndi a mayi wina wophunzira za kuimba, amene ankabwera tikukonzekera n'kukhala pakona kumandimvetsera. Ine ndinkamupangira tiyi, ndikumati wakonda kaimbidwe kanga. Kani ankatola katchulidwe kanga, ngakhale pomwe ndimapumira, kuti mawu ake akagwirizane ndi milomo yanga.

Onse ankadziwa, ovina, wotidzola paudala uja, ngakhale mlonda wa pageti. Zimenezo ndikanapirira. Koma asuweni! Ndinawapeza akukulunga mawaya, ndipo sanandiyang'ane n'komwe. Anati ndisakuze nkhani. Akuti Bwana Kachiwiri anaona kuti mawu anga amanjenjemera pokwera, ndipo akanandiuza ndikanaimba mopanda mtima. Anawonjezera kuti aliyense ali ndi chake, changa ine ndi nkhope. Ndinangomatula tepi patsaya n'kuwaikira m'manja.

Sewero likupitirira ndipo sanandichotse. Tsopano akuti ndizingoyendetsa milomo kuti ndisatope pachabe, koma sindikutha. Nyimbo ikayamba ndimangopezeka ndikuimba ndi mphamvu zanga zonse.

Ndikudziwa kuti inu ndi azakhali mwakonzeka kubwera kumapeto kwa mwezi kudzaonera. Poyamba ndinafuna kukuletsani chifukwa cha manyazi. Koma bwerani ndithu. Pempho langa ndi limodzi. Asuweni akusungirani mipando ya pakati, ya alendo olemekezeka. Azakhali asiyeni akhale pomwepo, poti mawu otsukidwawo ndi ntchito ya mwana wawo. Inu mudzakhale mzere woyamba, mpando wa kumapeto kudzanja lamanzere, pafupi ndi masitepe. Mayi wosesa m'holo wandiuza kuti pamenepo sipika siifika bwino, ndipo munthu amamva mawu anga enieni. Ndinachita mantha kumufunsa kuti amamveka bwanji.

Mudzamvetsere bwino, Amayi, kenako mudzandiuze zoona. Musadzandinyengerere poti ndine mwana wanu. Ngati amanjenjemeradi mudzanene, ndidzabwerera kusimbi yanga osadandaula. Kungoti kuno palibenso amene ndingamufunse n'kumukhulupirira.

Mundiperekere moni kwa abambo, achimwene ndi alamu, ndiponso kakhanda kawo komwe sindinakaone. Achemwali muwauze kuti juzi ija yandikwana.

Tsalani bwino mpaka tidzaonane pampando umenewo.

Ndine,
Mzime wanu