Majombo a Levy Alibe Matope

Kanyama, Lusaka

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako pamodzi ndi banja lonse. Kuno tadzuka, kungoti madzi a mvula afika pakhomo, ndipo mapazi anga ang'ambikanso chifukwa cha ngalande zomwe timatolamo mabotolo apulasitiki.

Mwina munamva kuti boma likupereka ndalama zosabweza kwa anthu opanga malonda ndi zinyalala. Azimayi a gulu lathu lotola mabotolo tinasangalala, koma a boma anati pakufunika mapepala a kampani, ife tilibe.

Ndiye kunatulukira ba Levy, mwana wanu, amene sanapondepo kwathu zaka zinayi. Anati, "Ba Ketty, nibwelekeniko mabotolo yanu siku imozi chabe, nizakulembesani mu kampani yanga." Tinapakira tokha matumba onse pa lole, ulendo wa kwa ba Levy ku Kalingalinga. Oyendera a boma anafika, anawajambula ba Levy ataima pa mulu wathu. Mabotolo anabwerera atasakanizidwa, oyera ndi obiriwira pamodzi. Tinasankhanso sabata yathunthu, fungo lili m'kamwa.

Dzina la ba Levy latuluka pa olandira ndalamazo. Lathu palibe, ndipo ndikaimba foni sayankha. Azimayi anzanga amangondiyang'ana, poti mbale ndi wanga. Zikundinyansa, Malume.

Ndamva kuti akugulirani malata. Sindinenapo kanthu, denga lanu ndikulidziwa mmene limadonthera. Koma akakutumizirani chithunzi chija, muyang'anitsitse majombo awo. Alibe ndi kadontho komwe ka matope.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Ketty