Seveni Amene Ndinamuyesa Wani

Asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti ine chakudya sichikundilowa.

Mukudziwa kuti ndimatolera tizitsulo timene asilikali ankavala m'khosi pa nkhondo, n'kumafufuza eni ake. Mukukumbukanso kamene ndinapatsa azakhali, mayi anu, mwezi watha, n'kuwauza kuti ndi ka agogo, bambo awo aja sanabwereko. Dzina linafufutika, koma nambala yake ndinaifananiza ndi ya m'kaundula wa asilikali katatu konse.

Lamlungu ndinakajambulanso. Nditakuza chithunzicho pa kompyuta, ndinaona kuti nambala yomaliza si wani ayi. Ndi seveni, dzimbiri linangomudya mutu. Mwini wake ndi munthu wina, wophikira asilikali, ndipo anabwerako wamoyo. Ine amene ndimazunguliza zolakwa za anzanga ndi cholembera chofiira kuntchito!

Dzulo ndinapita kukawauza azakhali. Ndinawapeza atakavala m'khosi, akukapukuta ndi nsonga ya nsalu. Anati, "Wasukulu wanga wafika! Zaka zonsezi ndinalibe pogwira ndikafuna kuyankhula ndi bambo. Sendera uwapatse moni." Asuweni, ndinagwira kachitsuloko ndi manja awiri, moni n'kupereka. Ndinamwa tiyi, n'kutsanzika.

Mayi anu mumawadziwa kuposa ine. Chonde musawaimbire kaye, muyambe mwandiyankha. Pa khadi limene ndinalembapo za kachitsuloko m'bokosi langa ndakonza kale, ndalemba seveni. Kwinako pakamwa pakukana.

Ndine msuweni wanu,
uja mumamuseka kuti Salakwa