Abwezereni Abambo Ndodo Yawo

Phoenix, Arizona
24 Ogasiti

Okondedwa achemwali a Lorene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Hoyt. Nanga bondo lanu lija likupepukako? Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno silichita nthabwala. Ntchito yokonza makina oziziritsa m'nyumba yachuluka moti ndi Lamlungu lomwe akundiitana, ndipo galimoto yanga nayo yayamba kutsokomola.

Kalata yanu ndalandira. Ndabwereza kawiri pamene mwalemba kuti abambo sanamve lipenga la padamu lochenjeza kuti madzi atsegulidwa, madziwo n'kuwapeza ali pakati pa mtsinje, mpaka kutuluka chokwawa atagwira mizu. Sindikukudzudzulani kuti munawabisira ndodo yawo yowedzera. Inenso mwina ndikanatero.

Koma Lachitatu abambo anandiimbira foni. Mukudziwa mmene akuyankhulira masiku ano, kukuwa ngati ndili tsidya lina, osamva chomwe ndikuyankha. Anati mwawasandutsa mkaidi m'nyumba yomanga okha. Kenako mawu anatsika. Anati, "Iwe Wendell, tizilombo touluka tija tayamba. Ndikutiona ndili pakhonde, tili ngati utsi pamwamba pa madzi. Nsomba za tirauti zikudya popanda ine." Ndinaseka, koma nditadula foni ndinayamba kuganiza zokulemberani.

Ino ndi nyengo yawo, achemwali. Mitsinje ina yaphwa ndipo yafunda, koma wathu umakhalabe wozizira popeza madzi ake amatulukira pansi pa damu. Mukukumbukira nkhungu ya m'mawa ija, kumtunda thukuta lili kamukamu koma m'madzi miyendo itachita dzanzi? Abambo ankamanga tinyambo ta nthenga tochepa kuposa njere ya mpunga, n'kumandinyoza ndikalephera kulowetsa ulusi kuti maso anga ndi ongokongoletsa nkhope. Dzuwa likakwera ankasintha nyambo, n'kumaponya chiwala chabodza m'mphepete mwa udzu. Masana, anthu a m'matauni akayatsa makina awo oziziritsa m'nyumba, a magetsi ankatsegula madzi padamu, ife n'kuthawa. Pano ndine ndimawakonzera anthu makinawo, ndipo akangolira ndimaona mtsinje ukukwera. Ndasowa kwathu, sindibisa.

Inu kuwedza simunakukondepo. Munkati ndi misala kugwira nsomba m'mawa wonse n'kumazibwezera m'madzi, madzulo n'kukadya nyemba. N'chifukwa chake ntchito yanu inali chitini cha khofi chija. Abambo ankachiika pamwala m'mbali mwa madzi, poti kukakhala mphepo lipenga silifika kumunsi kwathu, inu n'kukhala ndi buku lanu, diso limodzi lili pachitini. Madzi akakwera chitinicho n'kuyandama, munkakuwa mpaka akhwangwala kubalalika. Pamenepo abambo ankandigwira lamba kumbuyo n'kundiwolotsa, madzi akundifika kale m'chiuno, ine ndikulirira nsomba yomwe inali itangotsala pang'ono kudya.

Pempho langa ndi limodzi. Abwezereni ndodo yawo, koma asapite okha. Ndikanabwera ine, koma abwana akuti za tchuthi tikambirane mu Novembala, ndipo pofika nthawi imeneyo tizilombo tidzakhala titatha. Abambo ali ndi zaka 79. Sindikudziwa kuti Ogasiti adzamuonanso kangati, ndipo sindifuna wa chaka chino awathere ali pakhonde.

Chitini chija chili pashelefu m'galaja, muli misomali, mungoikhuthula. Alamu a Hoyt akakhale pamwala paja azichiyang'anira. Ntchito yokhala pansi amaidziwa bwino, musawauze kuti ndatero.

Koma inu, achemwali, kukuwa kwanu kuja sikungathandizenso, abambo sangakumveni. Muyenera kulowa m'madzimo, ozizira momwemo, ndi bondo lanu lomwelo, mukaime pambali pawo. A Hoyt akakuwa, muwagwire abambo lamba kumbuyo muwawolotse. Adzakalipa, adzati iwo si mwana, adzati nsomba inali itangotsala pang'ono kudya. Musawasiye. Inenso ndinkakalipa chimodzimodzi, ndipo sanandisiyepo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Opal, ndi kwa ana anu onse. Abambo muwapatse moni wanga mokweza, chakukhutu lakumanzere, ndodo ili kale m'manja mwawo.

Ndine mlongo wanu,
Wendell