Bomba ya Mabuleki a Galimoto ya Ababa

Ntengo-Wambalame, Tsangano
Lachiwiri

Mlongo wanga Januário,

Moni kwa iwe ndi alamu anga a Beatriz. Mukudzuka bwanji ku Tete kotenthako? Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tili moyo, kuzizira kokha ndiko kwatikwana. Cátia wako, amene unamusiya kwa ababa, akukula ngati chimanga cha pachulu, ndipo agogo akewo sapita kulikonse osamutenga.

Usanamasule kathumba kamene ndatumiza pamodzi ndi kalatayi, yamba wawerenga. Si kachewere ayi, usasekerere. Ndi chitsulo, ndipo chandidanitsa ndi ababa. Foni ndakuimbira mpaka chala kuwawa, iwe umangoti uli kunsi kwa galimoto, tilankhulana madzulo. Madzulo akewo ndi a chaka chiti?

Galimoto ya ababa yayamba kukana kuima. Osati paliponse. Pamsewu wathyathyathya imaima ndithu, bola apope ndi phazi kangapo. Koma ikasenza matumba a kachewere n'kuyamba mtsetse wautali uja wotsikira kumtsinje, ikangofika pa munda wa azakhali a Ernestina, phazi limangolowa mpaka pansi osagwira kanthu.

Mwezi watha anaiimitsa poilowetsa m'mizere ya nyemba. Sabata yatha inakaima pa mtengo wa mapichesi, nyali imodzi phwaa, ababa n'kung'ambika pachipumi. Chodabwitsa n'chakuti ikakhala kanthawi, mabuleki amabwerera okha ngati palibe chachitika.

Ndiye ababa ukuwadziwa. Iwo ndi azakhali salankhulana chiyambire mkangano wa malire a munda uja. Akuti galimoto singamafe mabuleki pa munda wa munthu mmodzi yemweyo, kenako n'kuchira yokha. Akuti mlongo wawo anatchera mankhwala pamsewu. Anaitana sing'anga wa ku Macanga, iye anawaza matayala, anamangirira kanyanga kunsi kwa chiwongolero, n'kunena kuti basi yachira.

Amuna anga a Leonardo, paja amakonza njinga zamoto pamsika, anaitanidwa kuti aike nyali ina. Ali pomwepo anasuzumira kunsi, n'kuona kuti tayala lakumbuyo lakumanzere lanyowa mkati mwake. Atatsegula kabotolo ka oleo, mafuta a mabuleki aja, anandikodola kuti ndidzanunkhize. Januário, munali thovu. Fungo lake linali la pochapira zovala.

Anandifotokozera kuti mabuleki akudontha pa tayala lija, ndiye chifukwa chake phazi limafuna kupopa. Anati zimene ababa akuthiramo ndi madzi a sopo. Pamtsetse wautali, ndi katundu pamsana, mabuleki amatentha kwambiri, madziwo amawira n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunzi siingakankhe chitsulo. Akazizira amakhalanso madzi, mabuleki n'kubwerera. Munda wa azakhali uli kumapeto kwa mtsetse, pomwe madziwo amakhala atafika powira. Ufiti wawo wonse ndi womwewo, kulima m'munsi mwa phiri.

A Leonardo anawauza ababa zimenezi mwaulemu, atanjuta, chipewa chili m'manja. Ababa anangoseka. Anati njira ya sopo anawaphunzitsa ndi mwana wawo weniweni, mekaniko wa mu ofisina yaikulu yokonzera magalimoto ku Tete. Akuti tsiku lina mukuchokera ku Furancungo, oleo anatha muli pathengo, iwe unapala sopo m'botolo la madzi, unakhutchumula, unathiramo, ndipo munafika kunyumba bwinobwino.

Kaya unawauza kuti zinali zongofikira kunyumba, kaya sunawauze, ine sindinalipo. Chimene iwo anamva n'chakuti sopo amagwira ntchito. Chiyambire pamenepo amathiramo m'mawa uliwonse, ndipo amadzitama nazo pamsika kuti mwana wawo anawapatsa nzeru imene madalaivala a chapa, maminibasi athu aja, saidziwa.

Ababa anafunsa ngati wokonza njinga angapose mwana wawo. A Leonardo anangobwerera ku nyali yawo. Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Nditayesa kulankhula ine, anandifunsa kuti ndinayendetsapo galimoto ya yani.

Tsono tamvera chimene chikundisowetsa tulo. Loweruka lino kuli krisma, mwambo wa ulimbitso wa ana, ku parishi, kutsidya kwa mtsinje. Ababa analonjeza kuti ana onse a m'mudzi muno awanyamula iwo. Cátia akhala kutsogolo, pambali pawo, atavala diresi loyera limene munatumiza lija. Ndinawapempha kuti mwanayo ndipite naye ine pa njinga yamoto. Anakana, akuti ndikufuna kuuza mudzi wonse kuti galimoto yawo ndi bokosi la maliro.

Dzulo ababa anapita wapansi ku maliro a kumudzi wapafupi. Ine ndinatenga masipanala. A Leonardo anakana kukhudza galimoto ya apongozi awo popanda chilolezo, anangoima chapatali akuyang'ana mitambo, n'kumandiuza chomasula. Ndinamasula timapaipi, ndinamasula manati, ndinazula bomba ya mabuleki, kampope kokankha oleo kaja, ndi manja angawa. Madzi amene anatulukamo anali ofiira ndi dzimbiri. Bombayo ndiyo ili m'kathumbamo, ndaikulunga ndi chitenje changa chakale.

Ndinkaganiza kuti ababa angokalipa basi. Ha, ndinawapeputsa! Atabwera masana anafuna kusuntha galimoto, phazi n'kungogwa. Atatsegula kutsogolo n'kuona pamalo pali pululu, anafuula kuti tsopano mlongo wawo wayamba kudya ndi zitsulo zomwe. Anthu anasonkhana. Anyamata ena anathyola ndodo, n'kuuyamba wa kwa azakhali.

Azakhali anali pakhonde akusongola nyemba, ndi miyendo yawo yotupa ija, osadziwa kanthu. Ndinathamanga, Januário, mpango n'kugwera m'njira. Ndinaima pakati pa iwo ndi anyamatawo, ndinakweza manja anga akuda bii, n'kunena kuti mfiti yake ndine.

Ababa sanandimenye. Bola akanandimenya. Ananditchula kuti "mayi inu", ngati mlendo wopempha madzi. Anati iwo alibe mwana wamkazi wowavula pagulu, ndipo phazi langa lisapondenso pabwalo pawo. Ndalira, sindikubisira. Chimwalirire amayi, amene ndakhala ndikuwaphikira ndi kuwachapira ndine.

Atandifunsa kumene ndaika chitsulocho, ndinanama kuti ndinachiponya mumtsinje. Lero m'mawa atuma uthenga ku Tsangano kuti wina awapezere bomba ina yakale. Ikafika lisanakwane Loweruka, aimanga okha, athiramo sopo wawo, akweza ana. Sindingaizulenso kachiwiri, galimoto tsopano akuilondera.

Ndiye ndakugwira mwendo, mlongo wanga, ngakhale ndine wamkulu amene ndinkakubereka kumbuyo. Kwera chapa ya Lachinayi. Bwera ndi bombayi utaiika timphira tatsopano. A Leonardo akuti ugulenso kabomba ka tayala lakumbuyo, zogwira za mabuleki chifukwa zakalezo zanyowa, ndi oleo weniweni wokwanira kutsuka mapaipi onse ndi kutulutsa mpweya.

Koma usaganize kuti ndikuitanira manja ako. Zonsezi a Leonardo akhoza kumanga dzuwa lisanapendeke. Chimene tilibe kuno ndi pakamwa pako. Sopo uja analowa m'galimoto ndi mawu ako, ndipo sangatulukemo ndi mawu a munthu wina. Udzakhale pansi ndi ababa, azakhali alipo, unene wekha kuti zija zinali zongofikira kunyumba. Akachita manyazi, achite. Manyazi saika munthu m'manda.

Ukati abwana akukaniza, uwasonyeze chitsulocho, anunkhize okha. Ukati tilankhulana madzulo, dziwa kuti Loweruka ine ndikakhala pansi pakati pa msewu pamwamba pa mtsetse, ababa ayambe aponda ine.

Cátia sakudziwa zambiri. Poti ine sindiloledwanso kufika kwa agogo ake, wabwera yekha kuno kudzandionetsa diresi. Wandiuza kuti akuyeserera kukhala pampando wakutsogolo osalikwinya. Wandifunsa ngati bambo ake abwera kudzamuona atavala. Ndamuuza kuti abwera. Usandisandutse wabodza kawiri sabata imodzi.

Upereke moni kwa alamu a Beatriz ndi ana. A Leonardo akupereka moni. Azakhali akuti ndikuuze kuti sakukwiyira munthu, akungofuna kugona osatsekera chitseko ndi mtondo. Mulungu akusunge panjira, ndipo chapa imene ukwereyo uyambe waisuzumira kunsi.

Ndine mlongo wako,
Rosita,
amene ndilibe bambo mpaka iwe utafika.